Adamuthamangitsa pa tebulo, adabwerera kudzanyamula chikho

Amayi ndi abambo a mumsika, sabata ino tipumuleko pa nkhani za mitengo ya zinthu ndi za mpira wa miyendo. Ndikufuna tikambe za masewero ena amene ambiri mwa inu mumangowaona mongodutsa pa kanema m'mabala kapena m'malo omwera tiyi: bambo atavala ngati weta wa kuhotela, kataye kooneka ngati gulugufe pakhosi, atawerama pa tebulo lobiriwira ndodo ili m'manja, anthu oonerera ali chete ngati pasiwa. Masewero amenewo dzina lake ndi snooker. Ndi mkulu wake wa pool uja amasewera anyamata athu kuseri kwa msika, koma kusiyana kwake kuli ngati kwa okala ndi holoselo.

Mpikisano waukulu wa snooker pa dziko lonse umachitika chaka ndi chaka, cha mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi, mumzinda wa Sheffield ku England. Mu 2025 amene adanyamula chikho ndi Zhao Xintong, mnyamata wa ku China wa zaka 28. Kupambanako si nkhani kwenikweni, paja chikho chaka chilichonse chimapeza mwini. Nkhani yagona apa: miyezi 8 yokha m'mbuyo mwake mnyamata yemweyu adali akugwira chilango, ataletsedwa kuponda pa mpikisano uliwonse kaamba ka mlandu wokhudza kubetcha ndi kugulitsa magemu. Tsono funso langa ndi ili: kodi munthu wotere n'koyenera kumuombera m'manja? Inu amene mumadziwa kuwawa kwake kwa sikelo yobera ndi ndowa yophwanyidwa kunsi, mlanduwu ndautula kwa inu.

Koma mlandu wa malire saweruzira pakhonde, amayamba apita kumunda. Tiyeni tiyambe taliona tebulolo.

Tebulo la snooker ndi chimtebulo, mafiti 12 mulitali ndi mafiti 6 mulifupi, pafupifupi kawiri kutalika kwa la pool mumalidziwa lija. Mabowo ndi 6 ngati pa pool pomwe. Mipira ilipo 22: woyera umodzi womenyera, yofiira 15, ndi ina 6 ya mitundumitundu. Mpira uliwonse uli ndi mtengo wake ngati katundu pa benchi. Wofiira ndi pointi imodzi, wachikasu 2, wobiriwira 3, wabulauni 4, wabuluu 5, wapinki 6, ndipo wakuda, bwana wa yonse, ndi 7.

Lamulo lake n'lakuti uyambe wagwetsa wofiira m'bowo, kenaka usankhe wamtundu umodzi, ukatero ubwererenso ku wofiira, choncho basi. Wofiira ukalowa walowa, koma wamtundu woyimbira amautulutsa n'kuubwezera pamalo pake. Yofiira ikatha yonse m'pamene ya mitundu ija imalowa motsata mtengo, kuyambira wachikasu mpaka wakuda, osabwereranso. Tebulo likayera, wa mapointi ambiri watenga chimene eni ake amati frame, ife pano tizingoti raundi. Gemu imodzi imakhala ndi maraundi ambirimbiri.

Inu a masamu a pamutu, tawerengani nane. Munthu akamagwetsa wofiira ndi wakuda, wofiira ndi wakuda, osaphonya, ulendo uliwonse akutola 8. Maulendo 15 ndiye kuti 120. Onjezani 27 ya mipira ya mitundu ija, zakwana 147. Imeneyo ndiye nambala imene wosewera aliyense amailota. Mu 1997 Ronnie O'Sullivan, ali ndi zaka 21, adaikwanitsa pa mpikisano womwewu m'mphindi 5 ndi masekondi 8, ndipo pa ntchito ya kanthawi kosakwana kuwiritsa madzi a tiyi pa mbaula adalandira mapaundi 147,000 apadera.

Chinsinsi cha masewerowa chili pa mpira woyera uja: ukamenya, ukaima pati? Wosewera wanzeru pomenya mpira uwu amakhala ataona kale wachitatu ndi wachinayi, monga wageni weniweni amene pogulitsa lero maso ali pa mpamba wokaodera mawa. Ndipo bola ukugwetsa, tebulo ndi lako. Mnzako amangokhala pampando kumamwa madzi, sangakutchinge, sangakukoke malaya, sangachite kanthu. Ukaona kuti palibe chogwetsa, umabisa woyera kuseri kwa mpira wina kuti mnzako asowe pomenya. Msampha umenewo ndiwo amautcha snooker, ndipo akalephera kukhudza mpira woyenera amakulipira mapointi osachepera 4. Masewerowa adayamba ndi asilikali a ku Britain ali ku Jabalpur, m'dziko la India, cha mu 1875, ndipo liwu loti snooker lidali lonyozera msilikali wachilendo wosadziwa kanthu.

Mpikisano wa dziko lonse udayamba mu 1927. Adapambana ndi Joe Davis, ndipo mphotho yake idali mapaundi 6 ndi masheleni 10. Bamboyo adatenga chikhocho ka 15 mondondoza, mpaka adachisiya yekha mu 1946 popanda womugonjetsa. Kuyambira mu 1977 mpikisanowu umachitikira m'nyumba ya zisudzo yotchedwa Crucible. Tanthauzo la dzinalo ndi mphika wosungunuliramo chitsulo, pakuti Sheffield ndi mzinda wotchuka ndi zitsulo, mipeni ndi masipuni. Ndipo dzinalo lidagwa pake ndithu. Nyumbayo ndi yaing'ono, mipando yake sikwana ndi 1,000 yomwe, ndipo a mzere woyamba amakhala pafupi kwambiri moti wosewera angamve munthu akumeza malovu. Kwa masiku 17 amuna akuluakulu amasungunuka m'menemo ngati chitsulo.

Amalowa m'nyumbamo ndi osewera 32. Mwa iwo, 16 ndi amene ali pamwamba pa mndandanda wa akatswiri, amangolowa ngati eni mabenchi. Enawo 16 amayamba alimbana m'magemu achipulula, kumene mu 2025 kudali anthu 128. Ndime yoyamba wopambana ndi amene wayamba kufika maraundi 10. Ndime ziwiri zotsatira ndi 13, semifainolo 17, fainolo 18, ndipo fainoloyo imatenga masiku awiri athunthu. Mu 2025 thumba lonse lidali mapaundi 2,395,000. Wopambana adatenga 500,000, zimene pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho zidali kupitirira K1 biliyoni. Wachiwiri adapita ndi 200,000. Koma sungani mawu awa, tiwafuna kutsogoloku: amene adagonja pa gemu yoyamba yachipulula adabwerera kwawo chimanjamanja.

Tsopano mvetserani nkhani ziwiri, muone kuwonda kwake kwa malire a pakati pa chuma ndi misozi. Mu 1985 fainolo idali pakati pa Steve Davis, amene masiku amenewo ankasewera ngati makina, ndi Dennis Taylor wa ku Northern Ireland, bambo wa magalasi akuluakulu okhala ngati wawavala chadodolido. Davis adatenga maraundi 8 oyamba onse, Taylor ali pa ziro. Anthu adati basi, yatha. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Taylor adayamba kutola imodziimodzi mpaka zidafika 17 kwa 17. Raundi yomaliza idatenga mphindi 68, ndipo zonse zidatsalira pa mpira umodzi wokha, wakuda. Adausinthana kangapo, uyu kuphonya, uyu kubisa. Kenaka Davis adapeza mpata umene aliyense m'nyumbamo adati wagwetsa basi. Adaphonya. Taylor adadzuka n'kuugwetsa, 12 koloko ya usiku itadutsa kale, anthu 18.5 miliyoni a ku Britain akuonerera pa BBC osagona. Pa chiwerengero cha maraundi, Taylor masiku awiri onsewo adatsogola kamodzi kokha, mpira womalizawo utalowa.

Nkhani yachiwiri ndi ya Jimmy White, wokondedwa wa anthu, amene adafika mufainolo ka 6 osatenga chikho ndi kamodzi komwe. Mu 1994 zidali 17 kwa 17 ndi Stephen Hendry. White adali pa tebulo, akutsogola, mpira wakuda uli pamalo pake penipeni, mpira umene adaugwetsapo kosawerengeka pa moyo wake. Udakana kulowa. Hendry adadzuka pampando n'kusesa tebulo lonse. Kuchokera tsiku limenelo White sadapondenso mufainolo.

Ndakusimbirani izi chifukwa chiyani? Palibe amene adakayikirapo Davis kapena White. Adaphonya chifukwa dzanja la munthu limanjenjemera. Koma taganizani: ngati akatswiri otere amaphonya moona mtima, mungamudziwe bwanji wophonya dala? Kupotoza ndodo pang'ono chabe, kukula kwa tsitsi limodzi, mpira wapita kwina. Woyimbira sangaone, kamera singaone, ngakhale mkazi wake sangadziwe. Ku mpira wa miyendo wofuna kugula gemu amayenera kunyengerera goloboyi, otchinga kumbuyo, mwina ndi woyimbira yemwe, ndipo pagulu chinsinsi sichigona. Ku snooker wogula amangofuna munthu mmodzi.

N'chifukwa chake mpamba wonse wa masewerowa ndi kukhulupirirana. Pali mwambo wina umene ine umandigwira mtima. Wosewera akakhudza mpira mwangozi ndi chala kapena ndi malaya, woyimbira osaona, iye mwini amaweramuka n'kudziulula kuti ndalakwa, mapointi apite kwa mnzanga. Amatero ngakhale pa gemu ya ndalama zankhaninkhani. Zili ngati kasitomala waiwala tchenji, iwe n'kumuthamangira mpaka ku depoti. Anthu amagula matikiti, a kanema amalipira kuti aonetse, chifukwa onse amakhulupirira kuti zimene akuonazo n'zenizeni. Chikhulupiriro chimenecho chikatha kwatsala chiyani? Amuna awiri ovala timataye akuzungulira tebulo basi.

Ndiye chiswe chimene chimadya snooker ndi kubetcha. Masiku ano munthu sabetcha zoti apambana ndani zokha ayi. Amabetcha kuti gemu itha 10 kwa 2, kapena kuti raundi yoyamba atenga uje. Wosewera akangovomera kutaya raundi pa nthawi imene agwirizana, anthu ena kutali atolera matumba a ndalama, iye n'kulandira yake ya m'thumba, mawa lake n'kumauza atolankhani kuti dzanja silimayenda bwino.

Ife a kuno kummwera kwa Africa tili nayo mbiri pa mpikisanowu, yokoma ndi yowawa. Yokoma ndi ya 1978, pamene Perrie Mans wa ku South Africa adafika mpaka mufainolo, n'kugonja kwa Ray Reardon 25 kwa 18. Yowawa ndi ya 1995. Peter Francisco, wa ku South Africa komweko, adagonja kwa Jimmy White 10 kwa 2, pamene anthu adali ataunjika ndalama zodabwitsa pa chiwerengero chomwecho gemu isadayambe. Akuluakulu atafufuza sadamupeze ndi mlandu wogulitsa gemu, komabe adamuletsa zaka 5, ati kachitidwe kake sikadali koyenera katswiri. Mwaona kuvuta kwake? Ngakhale oweruza adalephera kuloza chala kuti apa ndiye adaphonya dala. Mu 2013 Stephen Lee wa ku England, amene nthawi ina adali nambala 5 pa dziko lonse, adamuletsa zaka 12 atapezeka kuti adagulitsa magemu 7 mu 2008 ndi 2009, imodzi mwa iyo ya ku Crucible komweko. Naye chidamugwiritsa ndi mafoni, maakaunti ndi kayendedwe ka ndalama. Pa tebulo palibe adamugwira dzanja.

Koma chimphepo chenicheni chidaomba mu Juni 2023, pamene osewera 10 a ku China adalangidwa tsiku limodzi. Snooker idayamba kukula kwambiri ku China mu 2005, pamene Ding Junhui, ali ndi zaka 18, adagonjetsa Hendry uja mufainolo ya China Open. Anyamata ambiri adatsata mapazi ake n'kusamukira ku England, ochuluka ku Sheffield komweko. Pa anthu 10 aja, awiri akuluakulu, Liang Wenbo ndi Li Hang, adawaletsa moyo wawo wonse, pakuti ndiwo ankakonza madilu n'kumakokeramo ang'onoang'ono. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma awa ndiwo adali ndi machesi. Yan Bingtao, amene adapambana mpikisano wa Masters mu 2021 ali ndi zaka 20 zokha, adapatsidwa zaka 5.

Kumbukirani mawu ndidati musunge aja. Ndalama za snooker zili pamwamba, pansi pali njala. Wosewera amadzilipirira yekha ulendo, pogona ndi malo okonzekera, ndipo m'mipikisano yambiri wogonja gemu yoyamba salandira kanthu. Mudali mu 2022 m'mene akuluakulu adayamba kutsimikizira katswiri aliyense mapaundi 20,000 pachaka, ndalama yooneka yambiri kuno, koma ku England ndi ya lendi, chakudya ndi thiransipoti basi. Tsono ikani pamenepo mnyamata wa zaka 20, Chingerezi chikumuvuta, kwawo sangapite kaamba ka Covid-19, m'thumba mwauma, kenaka mkulu wa kwawo amene amamulemekeza akumunong'oneza kuti taya gemu imodzi yokha. Inu mukudziwa m'mene katapila amagwirira munthu: amabwera ngati mbale. Sindikuwaikira kumbuyo anyamatawo ayi, ukasauka sugwira nyanga, ndipo wina ngati Yan sadali wanjala. Koma wofuna kuthana ndi udzudzu ayambe waona chithaphwi.

Nanga Zhao adalakwa chiyani? Apa tinene zoona zokhazokha, tisamusenzetse mtolo wa ena. Bwalo lidapeza kuti iye sadagulitsepo gemu yake ndi imodzi yomwe. Mlandu wake udali wakuti adatengapo mbali pamene mnzake ankagulitsa magemu awiri, komanso kuti iye mwini ankabetcha pa magemu a snooker, chimene malamulo amaletsa wosewera aliyense. Adavomera msanga osavutitsa, ndipo chilango cha zaka ziwiri ndi theka adachitsitsa kufika chaka ndi miyezi 8, chochepa kuposa cha anzake onse. Kunena mwa kumsika, iye sadabere sikelo yake, koma adamugwirira mnzake thumba pamene ankabera. Nthawi imeneyo n'kuti atapambana kale UK Championship mu 2021 ndi German Masters mu 2022, ali m'gulu la 16 apamwamba aja. Zonse zidagwa. Malo ake pa mndandanda adapita, chiphaso chosewerera ndi akatswiri chidapita.

Chilango chidatha pa 1 Sepitembala 2024. Sadabwerere pa benchi lake lakale, adayambira pansi poyala thumba, m'timipikisano ta osewera wamba totchedwa Q Tour, mopanda khamu la anthu, mphotho yake yochepa. Adapambana tinayi motsatizana. Izi zidamupatsa mpata wolowa nawo chipulula cha ku Sheffield mu Epulo 2025, koma kuyambira pa khomo penipeni. Adapambana magemu 4 achipulula. Atalowa mu Crucible adagonjetsa Jak Jones, amene adafika mufainolo chaka cham'mbuyo mwake, 10 kwa 4, kenaka Lei Peifan 13 kwa 10, kenaka Chris Wakelin 13 kwa 5. Musemifainolo adakumana ndi O'Sullivan wa 147 uja, amene pofika nthawiyo adali atatenga chikhochi ka 7, n'kumuchapa 17 kwa 7.

Mufainolo adakumana ndi Mark Williams wa ku Wales, bambo wa zaka 50 amene adatengapo chikhochi mu 2000, 2003 ndi 2018. Pamene Williams ankayamba kusewera ngati katswiri mu 1992, n'kuti Zhao asadabadwe. Woyimbira adali mayi, Desislava Bozhilova wa ku Bulgaria, amayi mumve pamenepo. Zhao adatsogola 7 kwa 1, ndipo pofika madzulo a tsiku lachiwiri zidali 17 kwa 8, kutsala raundi imodzi yokha. Mdala adakana kufa msanga, adatola maraundi 4 otsatizana, anthu n'kuyamba kukumbukira za 1985. Koma mnyamata sadanjenjemere. Pa 5 Meyi 2025 gemu idatha 18 kwa 12. Kuwerenga kuchokera ku chipulula, adapambana magemu 9 ndi maraundi 111. Adakhala munthu woyamba wa ku China, ndi wa ku Asia konse, kutenga chikhochi, komanso woyamba kuchitenga ali wosewera wamba. Iye asadatero, ochokera ku chipulula amene adapambanapo ku Crucible adali awiri okha: Terry Griffiths mu 1979, bambo amene adagwirapo ntchito ya ukondakitala wa basi ndi yogawa makalata, ndi Shaun Murphy mu 2005.

Tsopano chigamulo changa. Alipo amene amati munthu wa banga lotere sadayenere kuloledwa kufika pamenepo, ndipo ena mwa osewera anzake adang'ung'udza poona kuti chikho chimodzi chamukweza kuchoka panja mpaka pa nambala 11 pa mndandanda. Ndikuwamvetsa. Taganizani za wosewera amene zaka ndi zaka wakhala akukana madilu, kumagona m'timahotela totchipa, kumabwerera kwawo wopanda kanthu, dzina lake lili loyera, kenaka n'kuona wochokera ku chilango akumudutsa pa liwiro. Kwa iyeyo zimawawa, ndipo asatiuze wina kuti n'kaduka chabe.

Komabe ine ndikuti chikhocho ndi chake, ndipo m'manja tiombe. Chilango chikakhala ndi tsiku lothera, ndiye kuti tidagwirizana kuti tsiku limenelo likakwana munthu abwerere. Ngati sitikufuna abwerenso, tinene poyera tsiku la mlandu, monga adachitira ndi Liang ndi Li. Kupereka miyezi 20 pakamwa koma moyo wonse mumtima, chimenecho ndi chinyengo chinanso. Ndipo Zhao si woyamba. Mu 2010 John Higgins wa ku Scotland adatcheredwa msampha ndi atolankhani a nyuzipepala ya News of the World mumzinda wa Kyiv. Bwalo lidamuyeretsa pa mlandu wogulitsa magemu, koma lidamuletsa miyezi 6 ndi kumulipiritsa mapaundi 75,000, mwa zina chifukwa sadakanene kwa akuluakulu kuti anthu ena adamuyesa. Chaka chotsatira, mu 2011, adakatenga chikho ku Crucible anthu akuomba m'manja. Mbale yoyezera ikhale imodzi, kaya wogula ndi wa ku Scotland, kaya ndi wa ku China.

Chinanso n'chakuti ngati wovomera msanga ndi wokana mpaka mapeto tiwachitira chimodzimodzi, mawa adzavomere ndani? Pa masewero amene diso silingagwire wakuba, oweruza amadalira anthu oulula. Kutsekera khomo wolapa ndi kuphunzitsa ena onse kutseka pakamwa. Ndipo tisaiwale kuti palibe adamunyamula. Kugonja kumagulitsika, koma kugwetsa mipira pamaso pa O'Sullivan ndi Williams, dziko lonse likuyang'ana, kulibe msika kumene amagulitsa.

Koma kuombera m'manja si kuiwala. Tsiku lililonse limene Zhao adzaphonye mpira wosavuta, padzapezeka wina wokanda kumutu. Umenewo ndiye msonkho umene azilipira, ndipo palibe chikho chingamukhululukire. Inu mukudziwa bwino kuposa ine: kasitomala amene adakupezapo ndi chinyengo akhoza kubweranso, akhoza ngakhale kuseka nawe, koma maso ake amakhala pa sikelo.

Chala changa chachikulu chikuloza kwina. Kuyambira 1976 mpaka 2005 mpikisanowu unkadziwika ndi dzina la ndudu za Embassy. Boma la Britain litaletsa kutsatsa malonda a fodya, adalowa m'malo ndani? Makampani a kubetcha. Kuyambira 2006 mpaka 2022, chaka chilichonse dzina la pa chikwangwani lidali la kampani ya kubetcha: 888.com, Betfred, Betfair, Dafabet. Ndiye mnyamata ankasewera pansi pa chikwangwani cha kubetcha, gawo la mphotho likuchokera ku kubetcha, pomufunsa atolankhani kumbuyo kwake kuli dzina la kubetcha, koma iye akabetcha ndi mlandu. Lamulolo ndi labwino, ndikugwirizana nalo. Kunena chilungamo, makampani omwewo ndi amenenso amaliza belu akaona ndalama zikuunjikana modabwitsa. Koma munthu amene wamanga khola la mbuzi pakhomo pa fisi asamadabwe usiku kukamveka kulira, ndipo m'mawa asamakwapule mbuzi zokha.

Kuno kwathu tebulo la snooker n'losowa, koma la pool lili paliponse, ndipo kubetcha kudalowa mpaka m'foni ya mwana wogulitsa majumbo. Mukamadutsa pa tebulo la kuseri kwa msika, taimani pang'ono muone. Mupezapo mnyamata wa dzanja labwino, ndipo chapambali pali mkulu wina amene sagwira ndodo koma ndiye akusunga ndalama za onse. Mnyamatayo ngati ndi wanu, muuzeni nkhani ya Zhao yonse, musayambire pa chikho. Muuzeni kuti pa anthu 10 aja, awiri sadzaponderanso pa mpikisano, ndipo ena zaka zawo zabwino zidathera panja akuonerera anzawo pa kanema. Muuzeninso kuti masewero omwewa ali ndi amuna amene amadziulula okha akakhudza mpira, woyimbira asadaone, ndipo amenewo akaphonya palibe amakanda kumutu.

Mugulitse bwino, sikelo iyambire pa ziro. Tionana sabata ya mawa.